Nsapato Zitatu za Phazi Limodzi

4 Febuluwale

Kaphazi mwana wanga,

Landira moni wa kuno. Ine ndili bwino, amayi ako ali bwino, kaya iwe kutaliko ndi ntchito yako yokankha odwala m'chipatala? Ndabwerera ku kalata chifukwa foni yanditopetsa. Iwe umalankhula, ine ndimangoti eya, eya, ndipo ukadula amayi ako amandiuza kuti ndavomera zinthu zimene sindinazimve. Makutu anga anapita ndi hamala kalekale, koma maso ndi zala zikadalipo.

Ntchito yosoka nsapato yazilala. Anthu akugula za pulasitiki, ikang'ambika amataya. Ndimakhala pa benchi tsiku lonse kuyang'ana mapazi a odutsa ngati galu wa pabutchala. Wometa wa khomo loyandikana nane akuti ndiyambe kugulitsa machaja a foni. Ndamuuza kuti iyeyo ayambe kumeta mbuzi.

Kankhani kamodzi. Sabata yatha amayi ako anaterereka pa masitepe athu, pa ija yogumuka m'mphepete, atanyamula beseni la zovala. Phazi lamanja linapindikira m'kati, ndipo akuti anamva kaphokoso ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma. Anadzuka okha, kutola zovala, n'kupita kuntchito. M'mawa mwake phazi linali litatupa kuchokera pa kakolo mpaka ku zala, mu nsapato osalowa. Koma kuwawa ayi, ngakhale pang'ono. Ndinalidinikiza ndi chala iwo akungondiseka. Angobinya chabe.

Ukudziwa kuti kochapira zovala kuja amasita chiimire tsiku lonse, ndipo abwana awo safuna wantchito wa patapata. Ndiye ndinatsitsa chikopa chofewa chimene ndinkasunga pamwamba pa kabati, ndinakulunga chikombole chosokerapo nsapato ndi nsanza kuti chinenepe, n'kuwasokera nsapato imodzi ya phazi lotupalo, yofanana ndi inzake mtundu ndi zingwe zomwe. Ukanaona! Palibe angadziwe kuti ina ndi yaikulu. Ndinali nditaiwala kukoma kosoka nsapato kuyambira pa chikopa, osati kumangomata zigamba.

Tiuze za kumeneko. Chifuwa chija chinatha?

Ndine bambo ako.

25 Febuluwale

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha, koma kalata yanu yandilanda mtendere. Nditangoiwerenga ndinaimba foni, amayi n'kundiyankha kuti ali bwinobwino, ndisawononge mayunitsi. Amayi angathe kunena kuti ali bwino nyumba ikupsa, choncho ndikulembera inu bambo.

Kusawawako ndi kumene kukundiopsa. Amayi ali ndi matenda a shuga, ndipo mapazi awo anachita dzanzi kalekale. Mwaiwala tsiku lija anayenda ndi kamsomali kanu m'phazi mpaka madzulo, tinadziwira magazi pa simenti? Mitsempha yomvera ululu inafa. Fupa likhoza kuthyoka iwo osadziwa.

Phazi si chinthu chimodzi ngati chikombole chanu. Muli timafupa tambirimbiri tomangidwa ndi minyewa, ndipo pakati pake pamakwera ngati kamlatho. Munthu wakumva akathyola kamodzi amakhala pansi chifukwa ululu umamukhazika. Wa dzanzi amapitiriza kuponda, kafupa kothyoka kamathyoletsa kanzake, mpaka kamlatho konse kugwa. Anthu otere ndimawakankha pa njinga za odwala sabata iliyonse kupita nawo kojambula mafupa. Onse amayamba ndi mawu omwewo, akuti sikunkawawa.

Chonde chitani izi. Apite ku chipatala chachikulu akajambulidwe phazi ndi kakolo. Kufikira atajambulidwa asaliponde, kuntchito apemphe tchuthi. Gwirani phazilo ndi kumbuyo kwa dzanja, mugwirenso linzake, mundiuze ngati lotupalo likutentha. Ndipo munditumizire mapazi onse awiri pa pepala, muja mumachitira ndi makasitomala, kupaka kapolishi pansi pa phazi n'kupondetsa. Za nsapato yatsopano bazisiyani kaye. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndinu munandiphunzitsa.

Ndine mwana wanu, Kaphazi.

20 Malichi

Kaphazi,

Moni. Tili bwino. Kalata yako ya udokotala inafika, ndipo ndaiwerenga kawiri kuti ndione ngati analemba ndi mwana wanga yemwe ndinamusokera nsapato yoyamba asanamere mano. Kukankha njinga ya odwala kwakupatsa nzeru zambiri. Ine ndagwira mapazi a anthu kuyambira iwe usanabadwe, opindika, a zikang'a, a zala zokwerana, ndipo lero ndauzidwa kuti za nsapato ndizisiye kaye.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi ako sakumva kanthu, akudya, akuseka, akupita kuntchito. Ku chipatala chaching'ono tinapita tsiku lawo la shuga. Anawabaya chala, anawapatsa mankhwala, ndipo namwino anayamikira nsapato, kufunsa kumene tinagula. Sanati avule. Akanaona choipa akananena. Za tchuthi usatchulenso. Abwana awo akungofuna chifukwa choti alembe atsikana, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ikutidyetsa.

Kutentha likutenthadi, koma chotupa chilichonse chimatentha. Nsapato yoyamba inayamba kuthina, ndinasoka yachiwiri. Kenako pansi pa phazi, pakati penipeni, patuluka chinthu cholimba ngati theka la dzira, chimene chinkawapendeketsa poyenda. Ndinaganiza masiku angapo. Yachitatuyi ndaiika soli yochindikala, ndasema dzenje m'kati mwake kuti cholimbacho chizikhalamo, ndayala siponji, ndipo inzake ya kumanzere ndaikweza kuti afanane msinkhu. Akuyenda mowongoka ngati mkwatibwi. Wometa uja anavula chipewa.

Mapepala a mapazi ndi amenewo, uone wekha kuti phazi lilipo ndi zala zake zonse. Ukawaonetse madokotala ako.

Bambo ako.

9 Epulo

Bambo anga,

Moni. Ngati ndinakunyozani, ndagwada, mundikhululukire. Palibe wosoka nsapato woposa inu, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mwasoka bwino kwambiri moti phazi lodwala likuoneka lamoyo.

Mapepala ndawaona. Ayang'aneninso m'maganizo mwanu. Lamanzere polishi wadetsa chidendene, m'mphepete ndi ku zala, pakati patsala poyera. Lamanja ladetsa ponseponse, ndipo pakati ndiye pakuda kuposa pena paliponse. Kamlatho kagwa, bambo. Cholimba mwachisemera dzenjecho ndi fupa la pakati pa phazi, latsikira pansi, ndipo pakati pa fupalo ndi nsapato yanu patsala khungu lokha.

Ndinaima m'khonde kudikira dokotala wa mafupa, ndinamutsekera njira ndi njinga yanga ngati wamisala. Anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti mayiyu wagonekedwa wodi iti. Ndinamuuza kuti sanagonekedwe, akusita zovala chiimire. Kenako anati phazilo lisapondenso pansi kuyambira lero, liikidwe m'chikhakha miyezi ingapo, apo ayi khungu liboka, chilonda chilowa m'fupa, ndipo nkhani idzakhala ya kudula.

Tchuthi ndapempha, akuti mpaka Julayi, ndipo ndikachoka ndekha chilolezo chokhalira kuno chithera pomwepo. Foni ndikuimba tsiku lililonse, amayi akuti ndisiye kuwalodza ndi pakamwa. Ndinapempha amayi aang'ono kuti akwere basi adzaone, andiuza kuti anapeza mkulu wawo akuyendayenda m'nyumba, akuwathirira tiyi, atavala nsapato zokongola. Ndatsala ndi inu nokha. Ntchito ya amayi ithe ngati ikutha, ndidzakudyetsani ine. Atengeni mawa.

Amayi, ngati kalatayi muiona, ndiyankheni ndi dzanja lanu.

Kaphazi.

21 Epulo

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikulembera kuno kuntchito pa nthawi yopuma, ukhululuke ngati pepala lanyowa ndi nthunzi. Uli bwanji? Ukudya mokwanira?

Kalata yako bambo ako anaiika pansi pa zikombole, ndinaiwerenga iwo atapita kukagula guluu. Usawakalipire. Iwe sunawaone chaka chathachi. Ankadzuka, kutsegula chitseko, kukhala pa benchi, madzulo kutseka osagwira singano. Anasiya kuimba mluzu, anasiya ngakhale kukangana ndi wometa. Phazi langali litatupa, munthu anadzuka. Amandiyeza ndi kachingwe, amandifunsa pamene pakuthina, ine ndimangoloza paliponse chifukwa sindimva. Ndikamatsika masitepe amaima pakhomo kundiyang'ana monga ankachitira tisanakwatirane. Ndiwauze bwanji kuti nsapato zawo zikundipha?

Tsono mvera, koma zikhale za ine ndi iwe. Masiku apitawa sokosi inakakamira pansi pa phazi. Ndinainyowetsa kuti ichoke. Pansipo sindingapaone, msana sulola, ndiye ndinaika kagalasi pansi m'bafa. Pali chilonda pa fupa lija, chozungulira, chakuya, m'mphepete moyera. Chikutuluka madzi, ndipo kuyambira dzana chayamba kafungo. Ndimachitsuka ndi madzi a mchere, kumanga kansalu, kuvala sokosi ziwiri, ndipo ndimagona nazo. Bambo ako ndawauza kuti ndikumva kuzizira. Poyeza amayezera pamwamba pa sokosi.

Mwezi ukatha ndidzapita ku chipatala ndekha mwakachetechete. Pakadali pano ndiuze mankhwala opaka amene ndingagule. Madzulo ndimamva thupi kuphwanya, koma ndi kutopa chabe.

Usawauze bambo ako. Ndakupempha ngati mayi ako.

7 Meyi

Bambo,

Moni ndilibe lero. Kalata ya amayi yachedwa m'njira, ndipo foni yanu ikungoitana osayankhidwa. Ngati ndi mkwiyo, kwiyani, mudzanditukwane ndikabwera. Amayi anandipempha kuti ndisunge chinsinsi, ndipo ndikuchiswa ndikudziwa.

Ikani kalatayi pansi, pitani pamene pali amayi, avuleni sokosi ndi manja anu, muyang'ane pansi pa phazi. Pali chilonda chonunkha. Akhala akukubisirani kuti musakhumudwe. Gwirani msongolo ndi katumba, muone ngati kufiira kwakwera. Kukwere kusakwere, pezani galimoto, musawayendetse, musawaveke nsapato iliyonse. Kuchipatala musanene za shuga zokha, nenani kuti chilonda chafika pa fupa.

Sindikudya, ndikulakwitsa mawodi, dzulo ndinasiya wodwala pa chikepe chokwerera kumawodi a pamwamba. Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Kaphazi.

18 Meyi

Mwana wa akulu anga,

Ndine mayi ako aang'ono. Moni, ngakhale moni wake ndi wowawa. Kalatayi ndaijambula pa foni yanga kuti ikupeze lero lomwe, chifukwa pakamwa ndikhoza kungolira. Foni ya kwanu inatsala m'thumba la epuloni kochapira zovala, n'chifukwa chake sinkayankhidwa. Palibe anakukwiyira.

Amayi ako anagwa pa tebulo lositira masabata awiri apitawo, thupi likutentha ngati simbi. Kalata yako yomaliza inafika iwo ali kale m'chipatala chachikulu. Ine ndili ndi manyazi. Ndinabwera, ndinamwa tiyi, ndinayamikira nsapato, ndinabwerera. Maso anga anathera pa chikopa.

Phazi linatupa moti nsapato inakana kuvuka. Namwino atatenga lumo, alamu anga anamugwira dzanja, akuti asadule, iwo asomola ulusi bwinobwino msoko ndi msoko. Namwino anawakankhira pambali n'kudula. Atachotsa sokosi fungo linadzaza chipinda, ndipo bambo ako anakhala pansi pa simenti pomwepo.

Ajambula. Timafupa ta pakati pa phazi tafumbutuka, mafinya alowa m'fupa ndipo adutsa kakolo. Mankhwala a m'diripi sakugwira. Madokotala akuti adule pansi pa bondo tsopano, bondo lipulumuke. Akachedwa adzadula pamwamba pa bondo, akachedwanso ndi maliro. Amayi ako akuti sasaina mpaka amuna awo avomere, poti akavomera okha ndiye kuti awaweruza. Bambo ako akukana. Akhala m'khonde ndi nsapato yodulidwa ija pamiyendo, akuuza aliyense wodutsa kuti phazi lili ndi zala zake zonse, angolitsuka, iwo asoka ina yosakhudza chilonda. Dokotala akalankhula amangoti eya, eya, ndipo sindikudziwa ngati sakumva kapena sakufuna kumva.

Kufiira dzulo kunali pakati pa msongolo, namwino analemba mzere ndi cholembera. Lero kwadutsa mzerewo. Lemba, ndiwaonetsa pa foni, kuwerenga amawerenga.

18 Meyi

Bambo anga okondedwa,

Ndine Kaphazi. Werengani pang'onopang'ono, amayi aang'ono akugwirirani foni.

Phazi lapita. Silipita mawa akadula, linapita kale. Chimene chatsala choti mupulumutse ndi bondo, ndipo chili m'manja mwanu lero.

Ndikuuzeni zimene ndimaona kuno. Wodulidwa pansi pa bondo amamuveka mwendo wopanga, bondo lake lomwe limapinda ndi kuwongoka, minofu ya ntchafu imamukweza pa sitepe, ndipo pakapita miyezi amayenda yekha. Wodulidwa pamwamba pa bondo, pa msinkhu wa amayi ndi shuga wawo, kawirikawiri amathera pa njinga. Kwathu ndi pamwamba, bambo. Popanda bondo amayi sadzatsikanso masitepe aja, adzaonera msewu pa windo.

Mukuganiza kuti mukavomera ndiye kuti mwavomera mlandu. Mlandu tigawana tonse. Amayi anabisa, namwino sanavule nsapato, amayi aang'ono anamwa tiyi, ine ndinakhala kuno n'kumalemba makalata m'malo mokwera ndege. Inu munasoka chifukwa mumawakonda, ndipo amayi anavala chifukwa amakukondani. Panopa akudikira mawu anu akutentha thupi, ndipo adzadikira mpaka kufa, mukuwadziwa.

Sindinakupempheni kanthu chichokereni kwathu. Ikani nsapatoyo pansi, lowani m'wodi, muwauze kuti asaine. Ndikufuna ndidzapeze mayi mu Julayi, wa mwendo umodzi kaya, koma mayi.

Mwana wanu.

14 Juni

Kaphazi mwana wanga,

Moni. Amayi ako akupereka moni, ali pano pa mpando akundiyang'ana ndikulemba. Iwe uli bwanji? Za opaleshoni unamva kwa amayi ako aang'ono, koma ine sindinakuyankhe, ndipo si mwano. Ndinkati ndikagwira cholembera dzanja limakana.

Tsiku lija nditawerenga mawu ako ndinalowa m'wodi. Ndinakaima pambali pa bedi nditakonza zonena zambiri. Amayi ako anatsegula maso n'kundifunsa mokweza kuti ndimve: "Mwabwera kudzandiyeza?" Ndinati ayi, ndabwera kudzakuuzani kuti musaine. Anati, "Mwachedwa, koma bwerani nacho cholemberacho."

Adula pansi pa bondo, patsala msongolo wotalika ngati chikhatho changa. Bondo lapulumuka. Dokotala akuti tikanagonanso tsiku lina silikanapulumuka, ndipo mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga ogonthawa. Tsopano akuwaphunzitsa kuliwongola ndi kulipinda kuti lisaume chopindika, ndipo bala likapola adzawayeza mwendo wopanga. Ntchito yawo yatha, abwana alemba mtsikana. Tsiku lotuluka ndinawabereka kukwera masitepe, wometa akukankha kumbuyo. Amayi ako anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndikuuze zimenezo usanafike. Iwo anaseka okha, ife tinalephera.

Shopu ndimatsegula theka la tsiku. Anthu akabweretsa nsapato ndimamata, koma chikopa chofewa chija sindikutha kuchiyang'ana. Ndili ndi chisoni chimene sindikudziwa pochiika, mwana wanga. Ndinkayesa ndikuwathandiza.

Kuchipatala anatiuza kuti phazi lotsalali tsopano likusenza thupi lonse, ndipo nalonso ndi la dzanzi. Akuti wina aziliyang'ana tsiku lililonse, pansi, pa chidendene ndi pakati pa zala. Ntchito imeneyo ndatenga ine. M'mawa uliwonse ndimakhala pa kampando kanga, kuliika pamiyendo, kuvula sokosi, ndi kuyang'ana pa kuwala kwa windo.

N'chifukwa chake ndalemba lero. M'mawa uno ndapeza kadontho kofiira m'mbali mwa kachala kakang'ono, kochepa ngati mutu wa machesi. Ndakadinikiza, sikakuyera. Amayi ako akuti si kanthu, sikakuwawa. Ndinadzidzimuka nditapeza kuti maso anga ayamba kale kuyeza pamene ndingafutukule chikopa, ndipo ndinakhalira manja anga. Sindinasoke kanthu. Wometa wapita kukafuna galimoto, ndiwabereka kutsika, kalatayi ndiponya tikamadutsa.

Ndili ndi mantha, Kaphazi. Uwafunse madokotala ako kuti kadontho kotere n'chiyani, ndipo uyankhe msanga. Chilichonse unene ndichita.

Ndine bambo ako.